Zoluma za Kumunda, Kudimba ndi Kutchire: Kabuku ka Pabanja

Mwezi wa Okutobala anthu amatsikira kudimba dzuwa likapendeka. Masana simungathirire, madzi amangouma pamwamba ndipo msana umapsa. Ndiye bambo avula malaya n'kukoleka pa nthochi, mayi akwinya chitenje mpaka m'mawondo, ana anyamula makheni, uku pachitsime uku pamabedi a tomato, mpaka mdima. Nthawi imeneyi udzudzu nawo ukudzuka m'mabango. Pofika kunyumba aliyense akukanda, koma akudya nsima n'kukalowa m'neti bwinobwino. Pakatha masabata awiri wina wagona ndi malungo, pakhomo n'kumadabwa kuti, "Nanga si ife timagona m'neti tsiku lililonse?" Netiyo inagwira ntchito yake. Udzudzu unakupezani kudimba.

Kabuku aka nka anthu amene ntchito yawo ili panja: olima, othirira, olondera mbewu usiku, owotcha njerwa, abusa a ng'ombe, asodzi, otola nkhuni. Sitingakuuzeni kuti muleke ntchito chifukwa cha tizilombo, pakuti walira mvula walira matope. Chimene tikufuna n'chakuti mudziwe kuti chokulumanicho n'chiyani, chimakonda nthawi yanji, ndipo chikaluma muyang'anire chiyani. Kuyabwa kumatha m'masiku awiri. Choopsa ndi chimene chimabwera kuyabwako kutaiwalika.

Udzudzu ndi ogona panja

Si udzudzu wonse umene umapereka malungo. Wopereka malungo ndi wa mtundu wa Anopheles, ndipo woluma ndi waukazi wokha, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Mungauzindikire ukatera pakhoma kapena pamkono: umazondoka, mutu pansi, kumbuyo m'mwamba. Wambiri umaluma usiku ukakhwima mpaka m'bandakucha, koma ulipo woyamba kukangoda, makamaka panja pafupi ndi ziweto ndi madambo. Choncho munthu amene ali pangozi kwambiri si wolima m'mawa ayi. Ndi uja wogona m'chisakasa kulondera chimanga kuti mvuu kapena njovu zisadye, uja wochezera kusonkhezera ng'anjo ya njerwa kapena balani ya fodya, msodzi wogona pamchenga kudikira kuti alowe m'madzi, ndi tonsefe tikamachezera pamaliro.

Ine ndinaphunzira ndi thupi langa. Chaka china tinawotcha njerwa kwathu, masiku atatu moto osazima. Ukakhala pakamwa pa ng'anjo udzudzu sukuyandikira, kutentha ndi utsi zimaukaniza. Koma munthu sungagone pamenepo. Tikasinthana, ndinkapita chapatali n'kudziponya pa thumba, kabudula yekha, chifukwa cha thukuta. Njerwa zinapsa bwino. Nyumba ndinayamba kumanga mochedwa ndi mwezi, chifukwa sabata yachiwiri ndinali chigonere, ndipo ndalama ya amisiri ina inathera pa ulendo wa kuchipatala. Neti inali ili kunyumba, yopinda bwino.

Neti siimangidwa kuchipinda kokha. Mitengo inayi yozika pansi ndi luzi zikwanira, kapena nthambi imodzi ngati netiyo ndi yozungulira. M'mphepete mwake pindirani pansi pa mphasa, ndipo musagone motsamira neti, chifukwa udzudzu umaluma podutsa m'mabowo. Ngati pakhomo pali neti yakale, isokeni pong'ambika ikhale ya kuchisakasa. Ikuchita bwino pamenepo kusiyana ndi kutchinga nazale kapena kukokera usipa. Maneti amene boma limagawa ali kale ndi mankhwala: achapeni mwa apo ndi apo ndi sopo wamba, osafikisa pamwala, ndipo ayanikeni pamthunzi.

Udzudzu umenewu suswana m'zinyalala monga ambiri amaganizira. Umaikira mazira m'madzi oima: m'zithaphwi zowombedwa ndi dzuwa, m'mapazi a ng'ombe m'mbali mwa dambo, m'minda ya mpunga, ndi m'maenje amene tinakumba pofuna dothi la njerwa. Kukamatentha, kuchokera pa dzira kufika pa udzudzu wouluka pamatenga masiku ngati 10 okha. Dambo simungalikwirire, koma dzenje la njerwa kuseri kwa nyumba mungathe. Mukaona timphutsi tikuphiriphita m'madzi a dzenjelo, dziwani kuti sabata yamawa tikhala pa miyendo ya ana anu.

Chovala ndiye mankhwala oyamba

Palibe chodzola chimene chimaposa nsalu. Malaya a manja aatali, buluku lalitali, masokosi ndi nsapato zotseka kapena majombo. Tikudziwa, kumatentha. Koma chovala chotaya, chopita mphepo, chimaziziritsa kuposa chothina, ndipo chothina udzudzu umaboola chifukwa nsalu yagunda khungu. Pa kaunjika malaya akale a manja aatali sakwera mtengo. Gulani awiri akhale a kumunda basi. Amayi, buluku lakale mkati mwa chitenje si chamanyazi pa ntchito ya kudimba, ndipo ambiri ayamba kale kutero.

Udzudzu wa malungo umakonda kumapazi ndi m'akakolo, choncho masokosi ndi ofunika kuposa chipewa. Lowetsani miyendo ya buluku m'masokosi kapena m'majombo. Mudzaoneka ngati msilikali wakale, anzanu adzaseka, koma nkhupakupa ndi linthumbu zidzasowa polowera. Sankhani mitundu yoyererako kapena ya khaki. Yakuda ndi yabuluu imaitana tizilombo, ndipo nkhani imeneyi tiibwereza pa kashembe chifukwa kumeneko ndi ya moyo ndi imfa.

Ntchito ina ingosuntheni nthawi. Ngati kuthirira kungayambe 3 koloko n'kutha dzuwa lisanalowe, kapena kuchitika m'mawa kutayera, mwapewa zambiri popanda kugula kanthu. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera azikhala oyamba kuweruka. Mwana wa kumsana musamugoneke pansi pa mtengo m'mbali mwa dambo madzulo popanda chomuphimba.

Utsi, masamba ndi zodzola

Makolo athu ankafukiza mpungabwi, ena masamba a bulugamu kapena a nimu, ena ndowe youma ya ng'ombe. Zimathandiza ndithu, koma tizinena zoona: zimachepetsa, sizithetsa, ndipo utsi ukatha udzudzu umabwerera. Kolezani kamoto kumbali kumene mphepo ikuchokera, ikani masamba aawisi pamwamba pa makala kuti afuke m'malo moyaka, ndipo muziwonjezera. Utsi ngwothandiza pocheza ndi pogwira ntchito. Pogona sungalowe m'malo mwa neti. Musafukize m'chisakasa chotseka, ndipo nyengo yachilimwe zimitsani moto pochoka, kuopa lupsa. Koyilo ya pagolosale nayo ndi chimodzimodzi: panja pamene pali mphepo mphamvu yake imangouluka.

Zodzola za m'sitolo zimene zimagwiradi ntchito ndi zija zolembedwa kuti muli DEET, monga Tabard ndi Peaceful Sleep. Werengani pabotolo. Ngati DEET ali pakati pa 20 ndi 30 peresenti, mutetezeka maola angapo, koma thukuta ndi madzi zimachotsa, ndiye wothirira ayenera kudzolanso. N'zodula, choncho musawononge: dzolani pamene nsalu sinafike pokha, m'akakolo, m'manja, pakhosi. Osadzola pabala, m'maso kapena pamilomo. Mwana mumudzoze ndinu, koma osati m'zikhatho, popeza amaika zala mkamwa, ndipo khanda losakwana miyezi iwiri lisadzozedwe n'komwe. Mukaweruka sambani ndi sopo.

Pali chinthu chimodzi choti tichikanize mwamphamvu. Ena amatenga mankhwala opopera thonje kapena tomato, ena a dibi ya ng'ombe, ena a anankafumbwe, n'kusungunula m'madzi kudzola m'miyendo kapena kunyika malaya. Amati ngati amapha mbozi, udzudzu n'chiyani. Mankhwala amenewa amalowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka thukuta likamatuluka, ndipo anthu amakomoka nawo. Palafini, dizilo ndi oyilo wakale wa galimoto nazo zimawotcha khungu. Musayese, ngakhale mnzanu atalumbira kuti iye amachita chaka ndi chaka.

Kashembe

Kwa okhala m'malire a nkhalango ya Nkhotakota, ya Vwaza ku Rumphi, ya Kasungu ndi ya Liwonde, gawo ili ndi lanu, pamodzi ndi aliyense wopita kumeneko kukagwira ganyu. Kashembe ndi wokulirapo pang'ono kuposa ntchentche ya pakhomo, wotuwirako, mlomo wake wosongoka kutsogolo. Akatera, mapiko amasanjikana pamsana ngati sizasi yotseka. Amaluma masana, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ndipo kuluma kwake kuli ngati kubayidwa ndi singano yamoto. Nsalu yopyapyala amaboola. Zodzola zija za udzudzu sizimuopseza kwenikweni.

Kashembe amasaka ndi maso. Amatsata chinthu choyenda ndiponso mtundu wakuda ndi wabuluu. N'chifukwa chake m'mphepete mwa nkhalangozi mumaona nsalu zabuluu ndi zakuda zitaimikidwa ngati mbendera. Nsaluzo zili ndi mankhwala: kashembe akopeka, atera, afa. Amene amazichotsa kukasoka kabudula kapena kutchinga bafa akuba chitetezo cha mudzi wonse, ndipo akuvala poizoni. Muzionanso phunziro pa nsaluzo: mukavala jini yabuluu ndi malaya akuda polowera kutchire, mwasanduka mbendera yoyenda. Valani khaki kapena zoyererako, nsalu yokhuthala. Dzuwa likafika paliwombo kashembe amabisala m'zitsamba zowirira, choncho popuma sankhani mthunzi wa poyera. Pa njinga amakonda kutera kumsana n'kuyenda nanu mpaka kumudzi. Mukatuluka m'tchire imani, mnzanu akuphumeni.

Si kashembe aliyense ali ndi matenda, ambiri alibe. Koma amene ali nawo amapereka kaodzera, ndipo mtundu wa kaodzera wa kuno ndi wachangu: osalandira mankhwala amamwalira m'masabata kapena miyezi yochepa. Dzinalo limanyenga. Anthu amadikira kuti wodwala ayambe kuodzera masana ndi kubwebweta, pamene apo matenda afika kale ku ubongo. Zizindikiro zoyamba zimafanana ndi malungo: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'mfundo, patatha sabata imodzi mpaka masabata atatu chilumidwireni. Ena amatuluka chotupa chowawa ngati chithupsa pamene panalumidwapo. Ngati kuchipatala ayeza malungo osawapeza, kapena mwamwa LA mpaka kumaliza koma thupi silikuzizira, bwererani mukanene mawu awa: "Ndimagwira ntchito kufupi ndi nkhalango, ndinalumidwa ndi kashembe." Musadikire kufunsidwa. Dokotala ali ndi mzera wautali, ndipo kachipangizo koyezera malungo sikaona kaodzera, pamafunika kuyang'ana magazi pa makina ena. Mankhwala alipo ndipo ndi aulere. Kale anali a jakisoni okhaokha, ena owawa ndi oopsa, koma tsopano kuli akumwa otchedwa fexinidazole, amene anayesedwa pa chipatala cha boma cha Rumphi.

Tintchentche takuda ta m'mitsinje

Ku Thyolo, Mulanje, Phalombe, Mwanza, Neno ndi madera ena a mapiri a kum'mwera kuli tintchentche takuda tating'ono, ta linunda pamsana, toswana m'mitsinje yothamanga pamene madzi akuchita thovu pamiyala. Timaluma masana, kawirikawiri m'miyendo, n'kusiya kadontho ka magazi. Othyola tiyi, olima nthochi m'zigwa ndi ochapa kumtsinje amatidziwa bwino. Tikamaluma munthu zaka ndi zaka timamusiyira njoka zazing'ono zokhala pansi pa khungu. Zotsatira zake ndi kuyabwa kosagonetsa, timibulu tolimba m'chiuno, khungu la m'miyendo kuchita mawangamawanga, ndipo matenda akakula amawononga maso.

Apa buluku lalitali ndi majombo ndiye yankho la tsiku ndi tsiku. Yankho la chaka ndi chaka ndi mapiritsi a Mectizan amene amagawidwa ulere m'midzi, aja amayamba akuyezani msinkhu ndi ndodo. Ambiri amamwa zaka ziwiri, kuyabwa kukatha n'kuleka. Mapiritsiwa amapha ana a njokazo, koma zikuluzikulu zimakhala ndi moyo mpaka zaka 15 zikuberekabe. Choncho imwani chaka chilichonse pamene ogawa afika, ngakhale mukumva bwino. Amayi oyembekezera, ana osakwana zaka zisanu ndi odwala kwambiri samwa.

Njuchi, mavu ndi linthumbu

Musanadule mtengo, musanaswe mphanje, musanasasule denga la khola lakale, imani kaye muyang'ane ndi kumvetsera. Njuchi zikakuukirani thawani molunjika, mutaphimba nkhope ndi malaya, mulowe m'nyumba kapena mupitirire kutali. Kuziphuma ndi manja kumazikwiyitsa. Kudumphira m'madzi sikuthandiza, zimadikira pamwamba. Mukafika pabwino chotsani mbola msanga pokanda ndi chikhadabo kapena kuseri kwa mpeni, chifukwa ikakhalitsa imapitiriza kuthira ululu. Mavu sasiya mbola. Tsukani ndi sopo, ikani nsalu yonyowa yozizira, ndipo vulani mphete ngati dzanja layamba kutupa.

Kutupa pamalo polumidwa si koopsa. Koopsa ndi munthu kutupa milomo, lilime kapena kukhosi, kubanika, kuchita chizungulire, kapena kutuluka zidzolo thupi lonse patangopita mphindi zochepa, ngakhale yamuluma njuchi imodzi. Ameneyo mupezereni njinga yamoto yopita naye kuchipatala pompo, osayamba mwafuna zitsamba. Wolumidwa ndi njuchi zambirimbiri, makamaka mwana kapena nkhalamba, apitenso kuchipatala ngakhale akuyankhula bwino, ndipo mkodzo ukada musagone naye pakhomo.

Linthumbu silifuna nzeru zambiri: yang'anani poponda, chokani pamzera, vulani mukutumule. Phulusa lamoto mozungulira chisakasa kapena khola la nkhuku limalibweza. Majombo amene agona panja akhutuleni musanavale, chinkhanira ndi nankalizi amakonda mdima wa mmenemo.

Zobisala pakhungu

Abusa ndi omweta udzu azidziyang'ana posamba madzulo: m'khwapa, m'mphechepeche, kuseri kwa mawondo, kuseri kwa makutu, m'tsitsi. Ana oweta ziweto muwayang'ane ndinu, iwo sanena. Mukapeza nkhupakupa igwireni pafupi penipeni ndi khungu, mukoke molunjika pang'onopang'ono osapotoza, kenako tsukani ndi sopo. Musaiwotche ndi ndudu kapena kuifinya mimba. Pakachita kachilonda kakuda pakati, mwanabere n'kutupa ndiponso thupi n'kutentha, pitani kuchipatala mukanene za nkhupakupayo.

Matekenya amakhala m'fumbi louma, m'makola a nkhumba ndi m'nyumba zosazira. Nsapato, kusamba mapazi ndi sopo tsiku lililonse ndi kuzira pansi ndizo zimawathetsa. Kuchotsa ndi minga kapena pini wobwerekana kumabweretsa mafinya, nthawi zina kafumbata. Akachuluka, makamaka pa mwana, onanani ndi alangizi a zaumoyo.

Nyengo ya mango ndi mvula, malaya a thukuta musamaponye pansi pamthunzi, ndipo zochapa musamayanike pa udzu. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa dothi ndi pa nsalu zonyowa, ndipo mphutsi yake imalowa pakhungu n'kuchita chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Yanikani pachingwe padzuwa, sitani ndi ayironi yamoto mbali zonse, makamaka matewera. Ikalowa, matani Vaseline pakabowopo kuti isowe mpweya, idzasuzumira yokha, ndipo mudzaifinya mosavuta.

Mukalumidwa, ndi masiku otsatira

Sopo ndi madzi ndiye chithandizo chachikulu. Zilonda zambiri za m'miyendo ya ana zimayamba ndi kukanda ndi zikhadabo zakuda, ntchentche n'kumalizitsa. Wengani zikhadabo zawo. Nsalu yozizira kapena kalamaini zimaziziritsa kuyabwa. Piriton amathandiza koma amagonetsa, choncho musamwe pamene mukukwera mtengo, kupalasa bwato kapena kuyendetsa njinga yamoto. Osatema mphini polumidwa, osathira dothi kapena madzi a batire. Ndipo musanamizire tizilombo chilichonse: ngati mwadutsa m'tchire lachilimwe thupi n'kuyabwa ngati moto popanda chiluma, mwina ndi chitedze.

Malungo sabwera tsiku lolumidwa. Amatenga sabata imodzi kapena iwiri, nthawi zina kupitirira, n'chifukwa chake anthu amaiwala usiku uja wa kung'anjo n'kumaloza mango aawisi kapena mvula imene inawanyowetsa dzulo. Thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Panado amangoziziritsa thupi, tizilombo tikuswanabe m'magazi. Akakupezani nawo, LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, pamodzi ndi chakudya, makamaka cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro. Malizani onse. Osasungira mnzanu otsala. Mwana wosakwana zaka zisanu angathandizidwe pa kiliniki ya m'mudzi kwa alangizi a zaumoyo, koma akamakomoka, kusanza chilichonse, kukana kuyamwa kapena kulefuka osadzuka, thamangirani kuchipatala chachikulu usiku womwewo. Mayi woyembekezera asaphonye sikelo, kumene amalandira Fansidar ndi neti.

Mvula isanagwe chaka chino, khalani pansi pabanja muwerenge amene adzagone panja: wolondera munda, wa kung'anjo, wa kunyanja. Aliyense wa iwo apatsidwe neti yakeyake, malaya a manja aatali ndi masokosi, ndipo dzenje lija la njerwa likwiriridwe sabata ino.